Munthu Amene Anasiya Mayi Anga Papulatifomu

Ena amadziwana ndi chibwenzi chawo kusukulu, ena pa ukwati wa eni ake. Ine wanga ndinadziwana naye pazenera, ndipo kwa miyezi yambirimbiri ndinkamudziwa kuyambira pachifuwa kupita kumutu basi.

Ndine kondakitala wa sitima yapamtunda. Njanji yathu ndi imodzi, koma pakati pa ulendo pali malo amene imagawikana pawiri kuti sitima yopita ndi yobwera zipatukirane. Pamenepo injini yake inkaima moyang'anizana ndi bogi yanga yakumapeto kwa sitima, mmene ndimakhala ndi mbendera ndi wezulo. Iye ankasuzumira pazenera kumwamba uko, ine ndili pakhomo la bogi. Tsiku loyamba anandibwereka cholembera. Ulendo wotsatira anachibweza pamodzi ndi lalanje. Nambala ya foni anachita kundikuwira sitima zikunyamuka kale, moti madzulo ake ndinayamba ndaimbira agogo ena ake osawadziwa n'komwe, amene anandifunsa ngati ndine wa kuchipatala.

Mufoni ndinamulemba kuti Wapazenera. Kwawo kunali kumapeto ena a njanji, kwathu kumapeto kuno, ndipo masiku athu opuma sankakumana ngakhale pang'ono.

Kenako kampani inabwera ndi nzeru zake. Inati sitima sizikufunikanso kondakitala, dalaivala azitseka yekha zitseko ndi batani, okwera aziwaona pakamera. Bungwe lathu la makondakitala linalamula sitalaka. La madalaivala nalo linati litithandiza, ndipo mawa lake palibe sitima imene inasuntha.

Ntchito yanga inali pachiswe, ndikudziwa. Koma ndisaname, ine ndinavina m'bafa. Sitalakayo inapeza Wapazenera ali kuno kwathu, sitima yake itangofika kumene.

"Mawa pageti la siteshoni," ananditumizira uthenga. "Ndikufuna ndione ngati uli ndi miyendo."

* * *

Pageti panali anthu osayamba. Zikwangwani, nyimbo, fumbi, ogulitsa malalanje amene sachedwa kumva kumene kuli khamu. Ine maso anga anali m'mwamba, pamwamba pa mitu ya anthu, chifukwa munthu wangayo ndinazolowera kumuyang'ana chogadamira.

Wina anandikoka mkono wa malaya.

"Pepani chemwali, mukufuna ndani kumitamboko?"

Ndinatsitsa maso. Mayo ine! Nkhope ndi yomweyo, kumwetulira komweko, koma munthu yense ankandilekeza m'khutu, ndipo apo n'kuti atavala nsapato za ntchito zija zazidendene zokhuthala.

"Mbali inayo waisiya m'sitima?" ndinamufunsa.

"Ndi katundu wa kampani," anayankha osaseka n'komwe. "Tili pa sitalaka."

Ndinaseka mpaka misozi, iye atangondigwira dzanja ngati akuopa kuti wina aimba wezulo n'kundichotsa pamalopo. Palibe amene anaimba. Kwa nthawi yoyamba tinalankhula mpaka mawu kutithera, ndipo atatha tinangoimabe pomwepo. Ndinamukonda tsiku limenelo kuposa miyezi yonse ya pazenera ija.

Masiku otsatira anali okoma mochititsa manyazi. M'mawa tinkapenta zikwangwani, iye akulakwitsa dala zilembo kuti ndimugwire dzanja. Masana tinkayenda pakati pa njanji zopanda sitima, kumene udzu unali utayamba kale kumera. Anandiuza za mayi ake, amene amadwala miyendo ndipo amakhala nawo m'nyumba ya kampani kumapeto ena a njanji. Anati nyumba imeneyo ndi yokhayo imene mayiwo anagonamo osadontheredwa mvula. Ine ndinamuuza za bambo anga atelala, amene anasoka chinsalu chachikulu cha bungwe lathu n'kukana kulipidwa.

"Nanga mayi ako?"

"Ndi awo," ndinaloza. "Wapampando wa komiti ya sitalaka."

Mayi anga anali ataima pa benchi, manja m'chiuno. Agwira ukondakitala kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo akaimba wezulo ngakhale agalu a kuseri kwa siteshoni amakhala pansi. Wapazenera atawaona, nkhope yake inagwa. Anatsitsa chipewa mpaka pamphuno n'kunena kuti akukamwa madzi.

* * *

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kundidabwitsa. Mayi akatulukira uku, iye ankasowera uko. Tsiku lina ndinamupeza atanjuta kuseri kwa chiketulo cha tiyi, akuti akuona ngati makala akuyaka bwino.

Amene anaona zonsezi anali Mlembi wa bungwe lathu. Mnyamata wamtali, wa tayi ngakhale pa sitalaka, ndipo chimkuzamawu sichinkachoka m'manja mwake. Anandifunsirapo kawiri, ndinamukana kawiri, koma iye ankayenda ngati yankho lidakali m'njira.

"Chemwali," anandiyandikira ndikutsuka makapu, "ine sindikonda kulowerera za eni. Koma dalaivala amakhala ndi khomo kumapeto onse awiri a njanji. Kuno inu, uko wina. Munthu wa zolinga zabwino angamathawe apongozi?"

"Mukanakhala kuti simukonda kulowerera, bwenzi mutanditengerako makapu enawo," ndinamuyankha.

Ndinamuyankha bwino, koma mawu ake anandilowa. Ndili pa basi yopita kunyumba ndinalephera kupirira.

"Kodi uko kuli wina?" ndinalemba.

"Kuli mayi anga ndi mphaka."

"Nanga ukuthawiranji mayi anga?"

"Ndikuwaopa."

"Aliyense amawaopa."

"Enawo amangowaopa. Ine ndili ndi chifukwa."

Ndinamufunsa chifukwacho, anangotumiza chithunzi cha mphakayo. Ndinakwiya zenizeni, ndipo mawa lake sindinamupatse moni.

* * *

Mlembi sanagone nayo nkhaniyo. Anazungulira madalaivala akuluakulu, kuwagulira tiyi, mpaka wina analakwitsa pakamwa. Pa msonkhano wa m'mawa anakwera pa benchi, chimkuzamawu pakamwa.

"Anzanga, pakati pathu pali katswiri! Pali munthu amene anayamba kale kuyendetsa sitima popanda kondakitala, kampani isanaganize n'komwe. Tamuitaneni uyo ali kuseri kwa ketuloyo!"

Anthu anapatuka. Wapazenera anaimirira pang'onopang'ono, makala ali m'manja. Mayi anatsika pa benchi n'kumuyandikira.

"Iwe mnyamata, tavula chipewacho."

Anavula. Mayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunawatengere nthawi.

"Ndiwe!" anakuwa. "Anthuni, ndi uyu! Ndamufunafuna zaka zonsezi!"

Nkhani imeneyi kwathu timaidziwa tonse, chifukwa mayi amaifotokoza mlendo aliyense akabwera. Tsiku lina, zaka zapitazo, anawapatsa dalaivala wongoyamba kumene. Pa siteshoni ina yaing'ono mayi anatsika kuti athandize agogo ena kutsitsa katundu. Asanaimbe wezulo, asanakweze mbendera, anangoona sitima yawo ikuyenda. Anaithamangira pulatifomu yonse, mbendera m'manja, nsapato imodzi n'kuvukira m'njira. Siteshoni yotsatira anakafika pa lole ya nkhuku, nthenga zili m'mutu. Kadalaivalako akampani anakasamutsa mawa lake lomwe, mayi asanakagwire.

"Ndinkangodziwa kuti ndi kamutu ka pazenera," mayi anauza khamulo. "Lero ndaona thupi lake."

Anthu anagwa nacho chiseko. Ena anakhala pansi, ena ankamenya zikwangwani. Ine ndinkafuna nthaka itseguke, koma nanenso chiseko chinkandituluka m'mphuno.

"Mayi, pepani," Wapazenera anatero, chipewa chili pachifuwa. "Ndinamva wezulo."

"Wezulo wa ndani?"

"Kuseri kwa siteshoni ija kuli bwalo la mpira. Anali wa oimbira mpira."

Pamenepo ngakhale apolisi amene ankalondera geti anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera. Mayi okha ndi amene sanaseke.

"Lamulo limati umve wezulo, uonenso mbendera. Iwe unacheuka?"

"Sindinacheuke, mayi."

Apa Mlembi anaona kuti mpata ndi womwewu. Anatsitsa chimkuzamawu, koma analankhula mokweza ndithu: "Ndipo mayi, ndi yemweyu amene akuyenda ndi mwana wanu."

* * *

Kunyumba kunali moto. Mayi ankayenda uku ndi uku pabalaza, akudumpha zidutswa za nsalu zimene bambo amamwaza paliponse.

"Amuna onse ali kunjanjiku, iwe n'kukasankha wosiya anthu! Lero wasiya ine, mawa adzasiya iwe pamsika ndi mwana kumsana."

"Amayi, n'zakale zimenezo."

"Nsapato ija inali yatsopano!"

Bambo anali kuseri kwa makina awo osokera. Ankapalasa mwamphamvu kuti phokoso libise chiseko, koma singano inalibe ulusi.

"Inu bambo ake, mukuseka?"

"Ayi mayi, ndi chifuwa," anayankha bambo, misozi ikutsika. "Kungoti nthenga zija ndinazichotsa ndine."

Mayi ananena mawu awo omaliza atagwira chitseko cha kuchipinda: mnyamata ameneyo asadzaponde pakhomo pano. Ndinamutumizira uthenga Wapazenera kuti zavuta. Anayankha kuti: "Usandisiye." Ndinalemba kuti: "Wosiya anthu ndiwe, si ine." Kenako ndinawonjezera kamtima, chifukwa mkwiyo wanga unali utatha kalekale.

* * *

Sitalaka ikatalika, nyimbo zimayamba kuchepa mphamvu. Ena anayamba kubwera mochedwa, ena osabwera n'komwe. Kenako tsiku lina pageti panafika anthu okwera sitima, okwiya zedi, pamodzi ndi atolankhani. Patsogolo pawo panali mayi wina wogulitsa nsalu amene katundu wake anali atakhala m'nyumba yosungiramo katundu kuyambira tsiku loyamba.

"Kondakitala ndi wa chiyani?" anakuwa mayiyo. "Kung'amba tikiti basi? Ndipatseni ndizing'amba ndekha, sitima iziyenda!"

Mlembi anayamba kuwerenga mfundo za bungwe pachimkuzamawu, mfundo yoyamba, ndime yachiwiri, anthu n'kumamuwowoza. Mayi anayesa kulankhula, mawu awo anamira m'phokoso. Ndinaona nkhope yawo ikutopa, chinthu chimene sindinachionepo.

Kenako ndinamva kukwekwereza. Wapazenera ankakoka mabenchi n'kumawandandalika mumzere, limodzi kumbuyo kwa linzake. Anagwira anzathu ogulitsa matikiti n'kuwakhazika pamenepo. Wina anamupatsa chidole cha nsanza kuti akhale mayi wa mwana, wina ndodo kuti akhale nkhalamba. Iye anakakhala kutsogolo, pa ndowa yovundikira, n'kutembenukira kwa mayi anga.

"Mayi, tiwaonetse."

Ndinati basi, lero aphedwa pamaso pa atolankhani.

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anawerama, kuvula nsapato imodzi, n'kutola mbendera.

"Pooo!" anakuwa Wapazenera, n'kuyamba kugwedezeka pa ndowa paja, akuimba kanyimbo, maso patsogolo, nkhope yosangalala ngati munthu wopita kukalandira mphoto. Kumbuyo kwake zinthu zinali zitasokonekera. Wa chidole uja ankalira kuti mwana wake wina watsala papulatifomu. Wa ndodo ankagogoda benchi kuti wapitirira kwawo. Wina anakomoka mwadala, anzake n'kumafunsana kuti auze ndani. Ndipo m'mbali mwa mabenchiwo mayi anga, wapampando wa komiti, ankathamanga pamalo amodzi chotsimphina, akukupiza mbendera, akukuwa kuti: "Iwe kamutu iwe! Taima!"

Dalaivala osacheuka. Ankangoimba nyimbo yake.

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Mayi wa nsalu uja anachita kukhala pansi pa fumbi, akupukuta maso. Chiseko chitatsika, mayi anga anaima, akupuma mwawefuwefu.

"Mwaonatu," anatero, popanda chimkuzamawu. "Mnyamatayu si woipa. Maso ake ntchito yawo ndi kutsogolo. Nanga kumbuyoku akuonereni ndani?"

Mayi wa nsalu anadzuka, kudzisasa fumbi, n'kupempha chikwangwani.

Pofika madzulo kanema wa sewerolo anali m'foni ya aliyense. Mawa lake pageti panadzaza kuposa tsiku loyamba, anthu akufuna kuona dalaivala wa pa ndowa. Sewerolo ankalichita m'mawa ndi masana, ndipo tsiku lililonse mayi ankawonjezera zina. Anafika pobwera ndi nthenga za nkhuku m'chikwama. Ndinawapeza awiriwo kuseri kwa geti akukangana ngati anzake akalekale.

"Ukafika pokuwa paja uzidikira kaye ndivule nsapato, wamva? Umafulumira."

"Ndi vuto langa lakale, mayi."

Mayi anamumenya ndi mbendera paphewa, akuseka. Mlembi anali chapatali, chimkuzamawu chili lende m'manja, palibe womumvera.

* * *

Lamlungu mayi anandiuza akusita malaya, osandiyang'ana: "Kamuuze wosiya anthu uja abwere adzadye. Wawonda."

Ndinathamanga mpaka kukona ya msewu ndisanakumbuke kuti ndili ndi foni.

Anabwera masana atavala jekete lobwereka, manja ake akubisa zala. Bambo atangomuona anagwira kumutu.

"Mwana wanga, amene anakubwereka ichi ndi mdani wako. Taima apa."

Asanakhale n'komwe pansi, bambo anali atamuzunguliza kale tepi yoyezera, mapini ali pakamwa.

"Iwe ndiye mkamwini wabwino," anatero. "Suti yako sidya nsalu."

Tinadya pathebulo la pabalaza, titasuntha makina osokera. Mayi ankamuwonjezera nyama asanamalize ina. Anamufunsa za miyendo ya mayi ake, n'kumuuza mafuta oti azikawapaka. Anamufunsa ngati amamwa mowa, ngati amasunga mkwiyo, ngati amadziwa kuchapa. Ine ndinkangoyang'ana m'mbale, pansi pa thebulo phazi lake likugunda langa.

Kenako mayi anaika supuni pansi.

"Tamvera. Mwana wangayu ndi mmodzi yekha. Ndinamulera ndi ntchito imene akufuna kutilandayi. Iwe waima nafe pamene ena amatiseka, ndipo ndakuona. Sitalaka ikatha, ukatenge mayi ako abwere tidzadziwane."

Wapazenera anagwedeza mutu kuvomera, akumwetulira. Bambo anaomba m'manja. Ine ndinadzuka n'kuwakumbatira mayi kumbuyo, iwo akundikankha kuti ndiwatayitsa msuzi. Sindinasangalalepo chotero chibadwire.

Tili pakati pa chisangalalocho, wina anagogoda.

Anali Mlembi, tayi ili m'malo mwake, nkhope yachisoni imene inkalephera kubisa kumwetulira.

"Pepani mayi, ndasokoneza chakudya. Foni yanu siikuyankhidwa. Ndati mumve kwa ine musanamve kwa ena." Anasuzumira pathebulo. "Aa, ndipo mwini wake ali pompano."

"Lankhula," anatero mayi.

"Bungwe la madalaivala lagwirizana ndi kampani masana ano. Awawonjezera malipiro kuti azitseka okha zitseko. Sitalaka yawo yatha, tatsala tokha. Mawa m'mawa sitima yoyamba inyamuka popanda kondakitala."

Foni ya Wapazenera inalira m'thumba la jekete. Anaitulutsa, kuwerenga, kumwetulira kuja n'kutha. Ndinamulanda n'kuwerenga mokweza. Unali uthenga wochokera ku ofesi yogawa ntchito. Sitima yoyambayo anapatsidwa iyeyo. Pansi pake analemba kuti dalaivala amene sadzafika adzatengedwa kuti wasiya ntchito, ndipo adzayenera kutuluka m'nyumba ya kampani.

"Akusankha dala iweyo," ndinatero. "Chifukwa cha kanema uja."

"Mabwana nawonso ali ndi mafoni, chemwali," anatero Mlembi.

Bambo anadzuka n'kumutsekera Mlembiyo chitseko pamphuno.

Mayi anatenga supuni yawo, kuiyang'ana, n'kuibwezanso pansi. Polankhula, sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Maliza kudya, mwana wanga. Za mayi ako ndi nyumba ndazimva, ndipo sindikuuza chochita. Koma udziwiretu. Mawa makondakitala tonse tikakhala pansi panjanji, potulukira sitima. Ine ndikakhala patsogolo, uyu akakhala pambali panga."

Wapazenera anayang'ana mayi, kenako anayang'ana ine. Pansi pa thebulo ndinasaka dzanja lake n'kuligwira mwamphamvu. Linali lozizira. Ndinadikira kuti anene kuti sapita.

Sananene.